Pomwe Apongozi Sadutsa

Kuno ku komboni ya Kanyama munthu sakufunsa kuti nyumba yako ili ndi zipinda zingati, amakufunsa kuti chitseko chako ndi chiti. Chathu chinali chobiriwira, chakumapeto kwa mdadada, moyandikana ndi chimbudzi. Ukatsegula chitsekocho ndiye kuti waona nyumba yonse: bedi, kabati ya mbale, mipando iwiri ya pulasitiki, zigubu za madzi, mbaula, thumba la malasha, ndi mwana. Bedi linali pamwamba pa mabuloko chifukwa cha madzi a mvula, omwe kuno amalowa m'nyumba osapanga odi. Linkandifika m'chiuno, pokwera ndinkachita kudumphira.

Mwanayo, wamkazi, anali atangoyamba kuyenda mogwiragwira zinthu pomwe ndinazindikira kuti ndili ndi mimba ina. Sindinauze munthu. Ndinkaganiza kuti ndikakhala chete mwina nayonso ikhala chete. Koma aneba a chitseko chachiwiri, mayi wa ku Kitwe wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, anandiimitsa pampopi tsiku lina.

"Iwe, bwela kuno. Uli na mimba."

"Awe ba neba, ni malungo chabe."

"Malungo yamene yadyesa munthu dothi? Nakuona mailo kumbuyo kwa toileti, unali kukokota chipupa monga mbuzi." Kuno mailo ndi dzulo, ndi mawanso.

Madzulo ake ndinauza amuna anga, kuopa kuti angamve pampopi. Iwo amagwira ntchito yowotcherera mageti m'mbali mwa msewu, ndipo nkhani iliyonse amayamba ayiyang'ana atatsinzina pang'ono, ngati ikuthwanima. Anatsinzina, kenako anatuluka ndi foni kukaimbira amayi awo kumudzi, kupitirira Chipata. Ndinamva zonse, chifukwa khoma lathu silisunga mawu.

Apongozi anga anati tamutumbiza mwana. Anati mkaka wa mayi woyembekezera ndi woipa, mwana akauyamwa amatupa miyendo, tsitsi limafiira, ndipo mankhwala ake ndi amodzi okha, kumuchotsa pamaso pa amake akakhale kwa agogo mpaka aiwale bere. Anati akubwera okha kudzamutenga.

Kwawo kwa amuna anga ndi Angoni. Malowolo anapereka, mwana ndi wawo, ndipo ine ndinalibe wokandilankhulira. Amayi anga anamwalira ndili kupulayimale, anandilera ndi anti a ku Chawama omwe ali ndi mavuto awo odzaza nyumba. Komanso ndinkadziwa momwe kuiwala bere kumathera. Mwana wa akulu awo a amuna anga anapita choncho akukwawa. Anabwerako atavala yunifomu ya sukulu, amake akuwaitana kuti anti.

Ndinauza amuna anga kuti anesi akusikelo anati mwana angathe kuyamwa ngakhale mayi ali ndi mimba, bola mayiyo azidya.

"Ukawauze wekha amayi," anatero.

Tonse tinkadziwa kuti sindingawauze. Ine kwa apongozi ndimalankhula nditagwada, ndikuyang'ana pansi, ndipo mawu anga amakhala awiri, inde ndi zikomo.

Panali vuto limodzi lokha, ndipo silinali langa. Kholo sililowa m'chipinda momwe mwana wake amagona ndi mkazi wake. Ngakhale bedi lawo siliyenera kuliona. Sindidziwa chomwe chimachitika likaona, palibe anandiuzapo, ndipo sindinamvepo za kholo lomwe linayesa. Tsono kwathu nyumba yonse inali chipinda chogona. Mwana atabadwa apongozi anabwera, anakhala panja pa chigubu tsiku lonse, mwana tinkachita kuwapititsira, ndipo madzulo anakagona kwa m'bale wawo ku Matero. Koma m'bale uja anali atasamuka, ndipo iyi inali nthawi ya mvula. Sakanakhala panja. Anayenera kugona kwathu.

Amuna anga anabwera ndi waya kuchokera kuntchito, anamuponya pabedi.

"Gawa nyumba," anatero, ngati akunena zogawa banzi.

Ine ndinagwira wayayo ndi mtima wina. Ndinaganiza kuti apongozi akadzapeza nyumba yolongosoka, kuphikira kwakekwake, kogona kwakekwake, mwana ali kutali ndi moto, mwina adzati mwanayu ali bwino, msiyeni. Ndinalibe nzeru ina. Ndinali ndi waya basi.

Choyamba chinali misomali. Alandilodi athu, mkulu wachisilamu wosoka zovala yemwe makolo ake anachokera ku Malawi, salola msomali pakhoma, ndipo sindiwanena, chifukwa mabuloko a nyumbayo mchenga ndi wambiri kuposa simenti, ukakhoma pano kwa aneba kumagwa kalendala. Ndiye wayayo tinamumanga pa chitsulo cha pawindo, mbali inayo pa mtanda wa denga. Windo lili m'munsi, mtanda uli m'mwamba. Khoma langa loyamba linali lotsetsereka, chilichonse chomwe ndinkapachikapo chinkaserereka kupita kuwindo, mpaka ndinachigwiritsa ndi mapegisi ochapira.

Chachiwiri chinali nsalu. Ndinali ndi chitenje cha maluwa chomwe ndinalandira pa ukwati, ndi china cha kampeni chomwe anaponya kuchokera m'galimoto nthawi ya masankho. Choberekera mwana sindikanachipereka. Aneba anandibwereka bedishiti ya mu salaula, yabwino ndithu, kungoti inali ndi bowo pomwe wina anayiwotcha ndi ayironi kudziko komwe inachokera. Ndinapita nazo zonse kwa alandilodi kuti azilumikize ndi kupinda mpendero wolowetsa waya. Anasoka osafunsa, kenako akudula ulusi ndi mano anati, "Amake mwana, mudziwe kuti zipinda zikachuluka lendi imakwera."

Ndinawayang'ana. Sanaseke. Patapita kanthawi ndinaona kuti phewa lawo likugwedezeka.

Chitenje cha kampeni chinali ndi nkhope ya bambo wina, yaikulu ngati beseni, akumwetulira. Nditapachika, bamboyo ankayang'ana pomwe apongozi adzakhale. Ndinatembenuza kuti ayang'ane kwina, ndiye ankayang'ana pabedi pathu. Ndipo chitenje utoto wake umaoneka mbali zonse, kotero kulikonse komwe ndinkamuika ankaona zonse ziwiri. Mapeto ake tinasokolola mpendero, tinamupachika chadodolido, mutu pansi. Anali ataluza kale masankho, sanadandaule.

Kataniyo inatuluka yaifupi. Siinkafika pansi, pankatsala mpata woti munthu aone mapazi ndi akakolo a yemwe ali mbali inayo. Aneba anati ndi bwino, madzi akalowa siidzanyowa. Inalinso yosakwana m'litali, kumiyendo kwa bedi kunkaonekabe, ndiye tinakoka kabati ya mbale kuti itseke pamenepo. Pokoka, mwendo umodzi wa kabati unatsala pomwe inali. Tinaikapo mwala.

Kuphikira ndinasankha pakona ya kuseri kwa chitseko, kuti utsi uzituluka. Kumeneko ndiye kunkandiopsa kwambiri, chifukwa mwanayo ankakonda mbaula kuposa chidole chilichonse, akaona malasha afiira ankapita manja ali patsogolo. Ndinapempha makireti a zakumwa opanda mabotolo pa kantemba, kagolosale ka pakona, ndinawamanga pamodzi ndi malegeni, timphira todula ku chubu cha galimoto, nkukhala mpanda wofika m'mawondo. Ine ndinkaudumpha. Mwana ankaima, kugwira mpandawo, nkumaulirira moto ngati m'bale wake ali kundende.

Pomwe panatsala ndiye panali pabalaza. Mipando iwiri, katebulo, kansalu koluka pamwamba pake, ndi mphasa yomwe usana tinkaiimika pakhoma. Ukakhala pampando, msana unkagunda katani, mawondo ali m'khitchini. Amuna anga atabwera madzulo anaima pakhomo, anayang'ana uku ndi uku.

"Amake mwana, muli kuti?"

"Nili mu khitchini."

"Ah, ni kutali. Nizafika mailo."

Anapanganso odi pa katani asanalowe. Ine sindinaseke. Ndinali ndikuyesa ndi dzanja ngati mwana angathe kulowetsa mkono pakati pa makireti.

Apongozi anafika masana, mvula itangokata. Amuna anga anakawatenga kusiteshoni, ndipo kuchokera pamsewu mpaka kwathu anayenda pa miyala ndi matayala omwe anthu amaika m'madzi. Anali ndi thumba la mtedza, maungu awiri, ndi chikwama chachikulu cha mizeremizere, cha zipi. Chikwamacho ndinachilandira ine. Chinali chopepuka kwambiri kuyerekeza ndi kukula kwake, ndipo ndinadziwa chifukwa chake.

Anaima pakhomo osalowa.

"Bedi lili kuti?" anafunsa mwana wawo.

"Lili kuchipinda, amayi."

Anasuzumira. Anaona katani, anaona kabati, anaona bambo wa mutu pansi uja. Anavula nsapato, analowa chammbali, nkutembenuza mpando kuti msana wawo uloze kukatani, ndipo kuyambira pamenepo mpaka tsiku lomaliza sindinawaone atayang'anako dala. Ndinagwada, ndinawapatsa moni. Anayankha bwino. Si munthu wankhanza, ndinene zoona. Ndi mayi wamfupi, wa manja olimba, wosachulutsa mawu, yemwe analera ana ake ndi a anthu ena ndipo onse ali moyo. Anamutenga mwana, anamutsina pang'ono pamwendo kuona ngati chala chisiya dzenje, anamuyang'ana tsitsi, m'maso, m'kamwa.

"Sanayambe kutupa," anatero. "Tafulumira."

Ndinadikira kuti anenepo za mpanda wa makireti. Anauona ndithu. Anaugwedeza ndi phazi, anati ndi wolimba. Kenako anati kumudzi khitchini ili payokha, kutali ndi pomwe ana amasewera, safuna makireti.

Anakhala nafe pafupifupi sabata. Anati sangamutenge mwana asanamuzolowere, angalire njira yonse anthu a m'basi nkumati waba. Ndiye ntchito yawo inali yomuzoloweza, ndipo ankaidziwa. Bere analetsa tsiku lomwelo. Anandipatsa masamba owawa kuti ndipake, mwana atalawa anandiyang'ana ngati ndamunamiza chiyambire kubadwa kwake. Phala ankamudyetsa okha, lothira nsinjiro. Ankamubereka okha, kupita naye pa kantemba, kubwera ali ndi chitumbuwa m'manja. Pogona ankagona naye pamphasa pabalaza, miyendo yawo ili m'khitchini, poti anachotsa kireti imodzi kuti akwane.

Masiku oyamba mwana ankalira nkuthawira kwa ine. Kwa iye katani sinali kanthu, ankangoweramira pansi pake, mutu uku matako uko. Akalowa, apongozi ankatambasula dzanja, koma likafika pa nsalu linkaima, ngati pali moto. Ankangoti, "Amake mwana, wabwera uko," ine nkumubweza. Kenako anasiya kuthawa. Ndinamumva akuseka pabalaza kuseka komwe ndinkati amasekera ine ndekha. Ndinali kuchipinda ndikupinda zovala, mabere atatupa, akuwawa mpaka m'khwapa, ndipo ndinamuyang'ana pabowo la ayironi lija. Anali atakhala pamiyendo pawo akuseweretsa ndolo zawo.

Chinanso chomwe ndinkaona ndi zovala. Zovala za mwana ndinkazisunga m'katoni kunsi kwa miyendo ya bedi, kuchipinda. M'mawa ndinkamuveka, madzulo apongozi ankamuvula, kuchapa okha, kuyanika, ndipo zikauma sizinkabwerera kwa ine. Ankazipinda nkuziika m'chikwama chawo chija. Tsiku lililonse diresi imodzi, kabudula mmodzi. Sanandipemphe kanthu. Katoni yanga inkapepuka, chikwama chawo chinkalemera, ndipo zipi yake ikalira ine ndinkasiya zomwe ndinkachita.

Ndinawauza aneba pampopi.

"Manje uzachita bwanji?" anafunsa.

"Siniziba."

"Thaba naye. Yenda ku Chawama."

"Bazanilondola. Ba anti bazanibweza tsiku lamene ilo."

"Ba amuna bako bakamba chani?"

"Bakamba ati tizaona."

"Awe mwandi. Mwamuna akakamba ati tizaona, ninshi aona kale, kudala."

Tsiku la ulendo linali Lachisanu. Kunacha kuli mitambo, madzi a dzulo lake akadali mpaka pakhomo. Apongozi anadzuka, anasamba, anavala diresi yawo ya kutchalitchi ndi jezi, anamanga duku. Mwana anadya phala lonse. Amuna anga anati apite kumsewu akapeze takisi yomwe ingavomere kufika pafupi, poti ndi chikwama ndi mwana amayi sangadumphe miyala. Potuluka sanandiyang'ane.

"Muvekeni za paulendo," anatero apongozi. "Muli kazizira m'basi."

Zomwe zinali zitatsala m'katoni ndi kadiresi kachikasu, kajezi, chipewa ndi nsapato. Ndinamunyamula mwana, ndinalowa naye kuchipinda, ndinamukhazika pabedi, nanenso ndinakwera. Ndinamuveka diresi. Ndinamuveka jezi, mabatani onse. Chipewa. Nsapato yakumanja, nsapato yakumanzere. Kenako panalibenso chomuveka.

Sindinakonzekere chilichonse. Ndinangoona kuti miyendo yanga siikutsika. Ndinamuvula nsapato, ndinamuvekanso.

"Amake mwana."

"Ndikumuveka nsapato, amayi."

Anadikira. Ndinamva mpando ukusuntha, zipi ikutsekedwa, thumba lopanda kanthu likupindidwa. Panja wina ankakuwa kuti malasha, malasha. Mwana ankakoka chingwe cha chipewa.

"Amake mwana, nsapato zake ndi zingati?"

Kenako pansi pa katani panaoneka mapazi awo. Anali atavala kale nsapato zawo zakuda za pulasitiki, ndipo zinaima pomwe nsalu imathera, osapitirira ngakhale chala. Ndinkaona mthunzi wawo pa bedishiti, ndinkamva kupuma kwawo. Pakati pa ine ndi iwo panali nsalu yomwe mwana amaikankha ndi mutu. Ikanangofuna dzanja limodzi.

"Mbweretseni mwana."

"Amayi," ndinatero, ndipo mawu anga ananditulukira achilendo, aakulu. Ndinali ndisanawalankhulepo nditakhala pamwamba, iwo ataima, ndisakuwaona nkhope. "Amayi, bere wasiya. Mwaona nokha. Akudya phala."

"Akakuonani adzalifunanso."

"Sindidzamupatsa."

"Mudzamupatsa. Akadzalira mudzamupatsa, kenako adzatupa, kenako mudzandiimbira foni mukulira. Ndaziona izi, inu simunazione. Mimba ikakula mudzamubereka bwanji? Madzi mudzatunga bwanji? Mvula ikalowa muno mudzanyamula uti, kusiya uti?"

Zonse zomwe ankanena zinali zoona, kapena pafupi ndi zoona. Ndinangoti, "Adzandiitana anti."

Mapazi aja sanasunthe.

Kenako anasiya kulankhula ndi ine, anayamba kulankhula ndi mwana. Anamuitana ndi mawu aja omwe ankamuitanira pomudyetsa, otsika, onyengerera. Ndinamva pepala likukhwekhwereza, ndipo pansi pa katani panatulukira dzanja lawo, osadutsa, lili m'malire mwenimweni, litagwira chitumbuwa. Anali atagwada.

"Bwera kwa agogo. Bwera, mama. Tiye tikakwere basi."

Mwana anachiona. Anaseka, anakwawira kumphepete kwa bedi, anatembenuka chafufumimba monga amachitira potsika pampando, miyendo inalendewera, ikufunafuna pansi. Pansi panali patali. Bedi la pamabuloko sankatha kutsikapo yekha, ankadziwa, anangolendewera pamenepo akundiyang'ana kuti ndimutsitse. Ine ndinagwira kumbuyo kwa jezi yake. Sindinamukoke, sindinamusiye. Anayamba kulira, akulirira chitumbuwa, agogo ake akumuitana, ine nditagwira jezi, ndipo tinakhala choncho nthawi yomwe sindingathe kuinena.

Chitseko chinatseguka. Amuna anga.

"Takisi ili pa kantemba, bakuti tifulumire. Nanga mwagwadiranji, amayi?"

"Lowa ukatenge mwana," anatero apongozi. "Ine sindingalowe."

Apo mpomwe ndinazindikira kuti waya uja ndi nsalu zija zinkatchinga munthu mmodzi yekha padziko lonse. Amuna anga anakankha katani, analowa, nkuibweza kumbuyo kwawo bwinobwino kuti amayi awo asaone bedi. Anandipeza nditakhala pakona, dzanja lili pa jezi, diresi yanga itanyowa pachifuwa. Anatsinzina. Ndikanalankhula amayi awo akanamva. Anamunyamula mwana pomwe ankalendewera, jezi inachoka m'dzanja langa, ndipo ndinamva ngati pansi pa bedi pachotsedwa mabuloko.

Anaima naye, mutu wawo ukugunda waya. Mwana ankalira, akuloza kukatani. Anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, anayang'ana m'katoni momwe munalibe kanthu. Kenako anakhala pabedi, mwana ali pamiyendo, nsapato zawo zamatope zikulendewera.

"Amayi," anatero, "wagona."

Mwanayo ankakuwa moti aneba a chitseko chachitatu ankamumva.

"Wagona?"

"Wagona, amayi. Tikamudzutsa avuta m'basi."

Sindidziwa nkhope yomwe apongozi anapanga, ndipo ndimathokoza kuti sindinaione. Dzanja lija linabwerera. Mawondo anachoka pansi, pang'onopang'ono, ndinamva akudzithandiza ndi mpando. Panja takisi inaliza hutala. Kenako zipi inalira, ndipo ine ndinatseka maso, koma inali kutseguka. Ndinamva akutulutsa zinthu, kuziika pakatebulo, chimodzichimodzi, osafulumira. Zinatenga nthawi, poti zinali zovala zonse za mwana.

"Iwe," anatero kwa mwana wawo. Chikwatirireni ankawatchula kuti atate ake mwana, koma tsiku limenelo anati iwe. "Tuluka unyamule chikwama. Kapena nawenso wagona?"

Amuna anga anandipatsa mwana, anatuluka. Mapazi a apongozi anabweranso pa katani komaliza.

"Amake mwana."

"Amayi."

"Nsinjiro zili m'chitini cha pakabati. Muzithira zambiri, osati zongonunkhiritsa ngati mmene mumachitira m'tauni muno. Muzimutsina mwendo m'mawa uliwonse. Chala chikasiya dzenje, musadikire kuti akuuzeni uyu, muimbe nokha." Mapazi anatembenukira kukhomo. "Tikakolola ndibweranso. Tidzaone ngati adzakhale atadzuka."

"Zikomo, amayi."

Sindinatuluke kukawaperekeza. Ndi mwano waukulu, ndikudziwa, ndipo kumudzi anaumva onse, mpaka lero alamu anga akazi amandipatsa moni wa mawu amodzi. Koma ndinkaopa kuti ndikangotsika pabedi nkhaniyo iyambiranso. Ndinakhala pamenepo mpaka phokoso la takisi litatha, mpaka mwana atatopa nkugona zenizeni, chipewa chili kumutu, nsapato zili kumapazi. Aneba anasuzumira pakhomo, anaona zovala pakatebulo, anaona chitumbuwa pamwamba pake, anati, "Mayo!" nkutseka chitseko.

Amuna anga anabwera madzulo, atachoka kusiteshoni anapita kuntchito. Sananene za m'mawa, inenso sindinanene. Anabwezera kireti ija pampanda, anamanga malegeni, anafunsa ngati kuli madzi osamba. Pambuyo pake, akupukuta kumaso, anati amayi awo sanawalankhule njira yonse, kupatula pokwera basi, pomwe anawauza kuti bodza lawo ndi la atate awo, losaphika.

Zovala ndinazibwezera m'katoni. Panasowa kadiresi kamodzi, kofiira, komwe kanali katayamba kumuthina. Sindinafunse.

M'mawa uliwonse ndinkamutsina mwendo, mwina kangapo, mpaka anayamba kundithawa akaona chala. Dzenje silinatsale. Chimanga kumudzi chinali chisanache, ndinkafunsa aliyense wochokera kum'mawa kuti chafika pati. Ndipo sabata yotsatira, ndili m'khitchini ndikukoleza mbaula, ndinamva kuti phi kuchipinda, kenako mutu unatulukira pansi pa katani, akuseka. Anali ataphunzira kutsika yekha pabedi.